Nsalu Yakuda Imene Ndinafunda

Chaka cha chilala chija, dona wa ku Amerika amene ankatiphunzitsa kumishoni anatilembera sewero la mayi wodwazika mwana. Chilichonse m'seweromo chinali ndi tanthauzo. Nyali inali moyo wa mwanayo, ndipo ine, wofunda nsalu yakuda, ndinali Imfa yodzazimitsa nyaliyo.

Pokonzekera anandifunsa kuti, "Kodi kwanu kuno nsalu yakuda imatanthauza chiyani?"

Ndinkadziwa bwino lomwe. Yakuda ndi ya Mbona, ndiyo timapereka kukachisi popempha mvula. Koma ndinali nditangobatizidwa kumene, ndiye ndinaopa kuti angandiyese wachikunja. "Imfa, dona, monga kwanu komwe," ndinatero, maso ali pansi.

Tsiku la sewerolo anthu anabwera mpaka ochokera ku Makhanga, atasiya mapira akufota m'minda. Nditangotulukira ndi nsalu yanga, azimayi anayamba nthungululu. Azakhali anga anagwada n'kumawomba m'manja, amvekere, "Yabwera! Mvula yabwera!" Ndinakwinya nkhope, ndinatong'ola maso, ndinabangula, koma m'pamenenso ankasangalalira. Nditazimitsa nyali, mwana uja n'kufa, bwalo lonse linadzuka kuvina.

Dona ndinamupeza akulira kuseri kwa tchalitchi. "Anthu anu amavinira imfa ya mwana?" anandifunsa. Ndinangoima pomwepo, thukuta lili kamukamu m'nsalu muja.

Dona anabwerera kwawo akutiyesa anthu opanda chisoni. Mvulanso sinagwe, ndipo azakhali anamwalira akunenabe kuti ndinaithamangitsa ndine poseweretsa nsalu ya eni ake.