Zilembo zitatu za mwamuna wanga

Kompyuta inafika pa ofesi yathu ya zaulimi ku Petauke m'zaka zomaliza za chipani chimodzi, nthawi imene shuga tinkaimira pamzera ndipo sopo tinkachita kudula ndi ulusi kuti akwane mwezi. Anaiika m'chipinda chokhacho chimene denga lake silinkadontha. Abwana athu, mkulu wa ofesiyo, ankaiopa. Akalowa m'chipindamo ankaika manja kumbuyo kuti angakhudze china chake n'kuononga katundu wa boma. Choncho anaipereka kwa ine, popeza ndinali nditamenya tayipi zaka zisanu ndi ziwiri ndipo ndinkadzimva kuti palibe makina ondiposa nzeru.

Mayi wina wochokera ku Lusaka anandiphunzitsa milungu iwiri. Kompyuta ya masiku amenewo inalibe zithunzi. Pagalasi panali bii, zilembo zobiriwira, ndi kamzere kophethira kodikira kuti ulembe lamulo. Ukalemba, unkadina batani lalikulu la kumanja, iyo n'kuchita. Malamulowo ndinawalemba m'kope la ana a sukulu. DIR inkaonetsa mndandanda wa mafayilo onse, lililonse ndi tsiku ndi ola limene linasungidwa. REN inkasintha dzina la fayilo. DEL inkafufuta. Ndiye panali kanyenyezi, kamene kankaimira chilichonse chotsatira. Ukalemba zilembo zochepa n'kuika kanyenyezi, lamulo limodzi linkagwira mafayilo onse oyamba ndi zilembozo. Mayi uja anandichenjeza kuti ndizikasamala kameneko, chifukwa sikafunsa kawiri.

Mwamuna wanga anali mlangizi wa zaulimi pa ofesi yomweyo. Anali Mbemba wa kumpoto, boma ndilo linamutumiza kwathu. Dera lake linali la Luembe, kupitirira Nyimba, ndipo ankapitako pa njinga yamoto n'kukhalako milungu iwiri. Pobwera ankabweretsa mabuku odzaza maina a alimi, kukula kwa minda yawo ndi zimene abzala. Ine ndinkalowetsa zonsezo mu kompyuta, mudzi uliwonse fayilo lakelake. Dzina la fayilo silinkapitirira zilembo zisanu ndi zitatu, motero tinagwirizana kuti zitatu zoyamba zizikhala za dzina la mlangizi, zisanu zotsalazo za mudzi.

Ife a kum'mawa ndi Abemba timanyozana mwa chimbuya, chibale cha nthabwala chimene chimatipatsanso udindo woikana maliro, ndipo m'nyumba mwathu kunyozanako sikunkatha. Ankaima kumbuyo kwa mpando wanga, fumbi lili mpaka m'nsidze, n'kunena kuti, "Imwe akudya mbeba, lembani ija DIR nione." Ndikalemba, zilembo zake zitatu zinkatsika pagalasi mzere ndi mzere, midzi yoposa zana. Iye ankaseka. "Mwaona? Boma yonse yaniziba manje." Ndinkamuyankha kuti akasambe kaye, akununkha anyani amene amadya kwawo.

Chaka chachitatu cha ukwati wathu, mvula ili pakati, anabwera Lolemba atanyowa, akunjenjemera. Anali atayamba mudzi wina wa kutsidya kwa mtsinje, koma analemba mabanja khumi ndi anayi okha thupi n'kumukanika. Ine ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Lachitatu m'mawa ndinafuna kukhala naye pakhomo, iye anakana. "Ni malungo chabe aya, namwa mankwala. Endani mukalembe buku, motoka ya ku Chipata siyembekeza muntu."

Ndinapita. Ndinalowetsa mabanja khumi ndi anayi aja, ndinasunga fayilo itatsala pang'ono kukwana leveni koloko. Ndisanatseke n'komwe bukulo, mayi woyandikana nafe nyumba analowa akuthamanga, wopanda nsapato, kudzandiuza kuti bambo ayamba kubwebweta ndipo sakuzindikira munthu. Malungo anali atakwera kumutu. Anamwalira Lachisanu ku chipatala, osandizindikiranso. Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi kuti ndikanakhala pakhomo m'mawa umenewo mwina ndikanamuthamangitsira ku chipatala msanga.

Abale ake anabwera ndi lole kudzatenga maliro. Anamwino anandiletsa ulendo wa masiku awiri pa msewu wamatope ndi mimba ngati imeneyo, choncho kumanda sindinapite. Pa lole yomweyo anakwezapo wailesi, bedi, masuti ake, chithunzi chathu cha ukwati, ngakhale mabuku a ntchito amene anali pakhomo. Kaya unali mwambo kaya linali dyera, ine ndinalibe mphamvu yolimbana nawo. Anandisiyira mphasa ndi mapoto awiri. Nyumba inali ya boma, yolembedwa m'dzina lake, ndiye nayonso ndinatulukamo. Amayi anabwera kuchokera kumudzi ku Msanzala kudzakhala nane m'kachipinda ka lendi, ndipo mwana wanga wamkazi anabadwira m'menemo.

Nditabwerera ku ntchito patatha miyezi itatu, ndinachotsa chitenje chimene ndinkafunditsa kompyuta, ndinayatsa, n'kulemba DIR mwachizolowezi. Zilembo zake zinatsika pagalasi monga kale. Ndinalira mpaka kamzere kaja kanasanduka tiwiri. M'Petauke monse munalibenso malo ena pamene dzina lake linalembedwa, panalibe manda, panalibe chitseko, panalibe ngakhale envulopu. Kuyambira tsiku limenelo ndinkafika msanga m'mawa kuti ndilembe DIR anthu asanabwere. Kusindikiza mndandandawo papepala sikukanatheka, chifukwa riboni ya makina osindikizira inali itatha kalekale ndipo yatsopano tinkangoimva m'malonjezo.

Dera la Luembe analipereka kwa mlangizi wina wochokera kum'mwera, munthu waulemu amene sanandilakwirepo kanthu. Ulendo wake woyamba anapita kumudzi wa kutsidya uja n'kuulemba wonse kuyambira pachiyambi. Ndinaulowetsa pansi pa zilembo zake zitatu, ndipo fayilo la theka lija ndinalisiya pomwe linali.

Kenako Lolemba lina abwana anandiitana. Anati a ku likulu lathu ku Chipata amasonkhanitsa malipoti potsata zilembo za mlangizi, ndiye mafayilo onse a Luembe asinthidwe maina, akhale a munthu watsopanoyo, ndipo disiki ipite ndi galimoto ya Lachisanu. Polankhula ankayang'ana pazenera.

Ndinayamba kusintha limodzilimodzi. Ndikalemba REN ndi dzina la mudzi, ndinkaima. Mudzi uwu ndi kumene mwamuna wanga anabwerako ndi nkhuku yomangirira kumbuyo kwa njinga, itafika ili chizungulire. Uwu ndi kumene anagwa m'matope n'kutaya nsapato imodzi. Uwu ndi kumene anandibweretsera masuku m'chisoti ndili ndi nseru ya mimba. Lolemba ndinasintha asanu ndi limodzi, Lachiwiri asanu, Lachitatu magetsi anazima ndipo ndinathokoza Mulungu. Ndinkadziwa bwino kuti pa liwiro limenelo Lachisanu lindipeza ndisanafike pena paliponse, koma sindinkafuna kuthamangitsidwa potsanzikana.

Lachinayi masana abwana analowa, manja kumbuyo, n'kuima pomwe mwamuna wanga ankaima. Anandiyang'ana ndikusintha fayilo limodzi, kenako lina.

"Amai," anatero, "motoka ni mailo kuseni. Kulibe njila yachidule pa makina aya?"

Ndikanati kulibe, akanakhulupirira, chifukwa za kompyuta sankadziwa ngakhale poyatsira. Koma ine ndinali munthu wosafuna kuoneka wosadziwa ntchito yake, ndipo matama amenewo ndi amene anandigulitsa.

"Iliko, bambo."

"Nanga mulindila chani?"

Mtima unandiwawa, ndipo ndinalemba mwaukali, zala zikumenya ngati ndili pa tayipi. REN, zilembo zitatu za mwamuna wanga, kanyenyezi, kadontho, kanyenyezi. Mpata. Zilembo zitatu za munthu watsopano, kanyenyezi, kadontho, kanyenyezi. Ndinadina batani lalikulu ndisanaganize. Kagetsi kofiira kanaphethira, m'kati munamveka kukwakwata ngati nkhuku ikupalasa, basi. Ntchito imene ndinafuna kuti inditengere mwezi inatha ndisanameze malovu.

Pansi pake kompyuta inalemba mzere umodzi m'Chingerezi, wonena kuti dzina lina lilipo kale. Abwana anali atasiya magalasi awo patebulo ku ofesi kwawo.

"Yakamba chani?"

"Yati yasiliza," ndinatero. Bodza limene ndinalephera kunena poyamba linatuluka mosavuta nthawi itatha kale.

Atatuluka ndinalemba DIR. Mzere ndi mzere zilembo za mlendo zinatsika, midzi yomweyo, masiku omwewo, chifukwa kusintha dzina sikukhudza tsiku. Masiku onse a ukwati wathu anali pomwepo, atavala dzina la munthu wina. Koma pansi penipeni panatsala fayilo limodzi la zilembo za mwamuna wanga, la mudzi wa kutsidya uja. Kompyuta inakana kulisintha chifukwa fayilo la dzina latsopanolo linalipo kale, lija la mlangizi watsopano, ndipo iyo silola mafayilo awiri a dzina limodzi. Pambali pake panali tsiku la Lachitatu lija ndi ola lija.

Sindinauze munthu. Ndinakopera mafayilo pa disiki ya ku Chipata, ndipo m'kusokonezeka kwa mutu ndinagwiritsa kanyenyezi komweko, kamene kanatenga onse osasiya ngakhale limodzi. Za zimenezo sindinaganizeko. Chimene ndinkadziwa n'chakuti m'mawa uliwonse ndinali ndi mzere umodzi wondidikira pansi pa mndandanda. Ndinkaupatsa moni. Masiku ena ndinkauuza kuti mwana wayamba kukhala, kapena kuti amayi akudandaula za mtengo wa ufa. Masiku ena ndinkangoyang'ana ola lija n'kudzida.

Patapita milungu isanu ndi umodzi kunabwera kalata yochokera ku Chipata. Abwana anabwera nayo okha m'chipinda changa, nthawi ino atavala magalasi, n'kutseka chitseko. Kalatayo inati mudzi umodzi wa ku Luembe waoneka kawiri, mabanja khumi ndi anayi alembedwa kawiri pa mndandanda wa olandira mbewu, ndipo inafunsa kuti mlangizi wa zilembo izi ndani, popeza pa mndandanda wa antchito palibe. Masiku amenewo nkhani ya maina obwereza pa mbewu inkachotsetsa munthu ntchito, ndipo wina wa ku Chipata anali kubwera kudzayendera makinawo.

Ndinawauza zoona zonse. Sanakalipe. Anakhala pa mpando wa alendo, chinthu chimene anali asanachitepo m'chipinda chimenecho.

"Amai, nimvela chifundo, Mulungu aziba. Koma naine nili na bana, naimwe muli na kamwana. Fayilo iyi ichoke lelo, nili pano."

Ndikanatha kulibisa fayilolo pena m'kati mwa makinawo, njira ndinkaidziwa. Koma likanapezeka ntchito ikanatha, ndipo mwana ndi amayi ankadya kuchokera m'zala zangazi. Komanso ndinali nditatopa kubisa mwamuna wanga ngati katundu wakuba. Ndinawapempha kuti andilole ndiliwerenge kaye. Ndinalitsegula n'kuwerenga mokweza mabanja onse khumi ndi anayi, dzina, munda, chimanga, mtedza. Banja lomaliza linali ndi dzina lokha, malo a munda ali opanda kanthu, chifukwa m'buku muja cholembera chinathera pamenepo.

Abwana anaimirira n'kuyandikira. "Nilangizeni batani, nitinike ine. Imwe yang'anani kumbali."

"Iyai, bambo," ndinatero. "Mubemba amaikiwa na mbuya wake. Ku manda sininapite. Apa nizamuika neka."

Ndinalemba DEL, kenako dzina lonse, chilembo chimodzichimodzi, popanda kanyenyezi. Ndinayang'ana zilembo zitatu zija nthawi yaitali, ndipo abwana sanandifulumize. Nditadina batani, kompyuta sinafunse kanthu. Kamzere kaja kanangotsikira pa mzere wotsatira n'kuyambanso kuphethira.

Nditacheuka ndinapeza abwana atavula magalasi, manja atawagwirizira kutsogolo, mutu uli pansi, monga amaimira amuna dothi likamathiridwa. Kenako anatuluka n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Mwana wanga tsopano ndi mayi wa ana ake. Kumpoto kuja sitinapiteko, ndipo amene ankadziwa pamene pali manda anatha. Ali wamng'ono anandifunsa tsiku lina kuti atate ake anaikidwa kuti, ndipo ndisanaganize ndinamulozera ku maofesi a boma. Anaseka, akuyesa ndikuchita nthabwala, ine sindinamukonze.

Tsiku lija, abwana atatuluka, sindinalembe DIR. Mkaka unali utayamba kudontha m'bulauzi, nthawi yoyamwitsa itapitirira. Ndinazimitsa makinawo, ndinawafunditsa chitenje chawo, n'kupita kunyumba kukayamwitsa mwana.