Che Abdulaziz, Woona Mwezi wa ku Chikweo

Amalume anga, Che Abdulaziz Laisi, anali woluka miono. Tsiku lonse ankakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo ku Chikweo, nsungwi zili mbwee, kumaluka misampha ya nsombayo kuti akagulitse kwa asodzi a ku Chiuta. Kumunda ankadzala chinangwa basi. Thonje ankadana nalo, ati fungo la mankhwala ake limawapweteketsa mutu. Sukulu sanaiponde, ndipo anali ndi kamwa loyabwa moti anthu ambiri ankawalambalala. Koma maso! Munthu akamabwera pa njinga kutali, ife tikungoona kadontho, iwo ankatchula dzina lake ndi mtundu wa mbuzi imene wamanga pakaliyala.

Maso amenewa anali ndi ntchito yake. Ife Asilamu timasala kudya ndi kumwa m'mwezi wa Ramadhani, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa. Kusalako kumatha mwezi watsopano ukaoneka kumwamba, madzulo a tsiku la 29 kapena la 30. Ukaoneka, mawa lake ndi chikondwerero cha Idi, ndipo kusala pa tsiku la Idi ndi tchimo. Koma munthu mmodzi sangamasule mudzi wonse, pamafunika mboni ziwiri zolumbira kuti zauona.

Kwa zaka makumi atatu mboni yoyamba kwathu anali amalume. Anaphunzira kwa bambo awo malo amene mwezi umatulukira nyengo iliyonse, kaya kumanja kwa mlambe kaya pampata wa mapiri. Ankakwera pachulu cha kuseri kwa mzikiti, mudzi wonse uli pambuyo pawo, amayi atakonzeka kale ndi nthungululu. Akauona sankafuula. Ankaitana munthu mmodzi, kumugwira mutu ndi manja awiri, kumupotoza khosi pang'onopang'ono mpaka naye awuone. Kwa zaka khumi ndi ziwiri khosi lopotozedwalo linali langa. Ndine Sadiki, mwana wa mlongo wawo, telala wa pakhonde pa Nselema, ndipo pa nthawi imene ndikunenayi ndinali bambo wa ana anayi. Ndanena zimenezi kuti pasapezeke wondikhululukira kuti ndinali mwana.

Mu 1989 kunabwera Swaibu Dalesi, mwana wa kwathu komweko amene anakaphunzira kunja. Sanali munthu woipa ayi, anali waulemu ndi wokonda chipembedzo. Anabwera ndi kalendala yobiriwira, yonyezimira, naikhoma pakhoma la mzikiti. Anati masiku onse a m'menemo awerengedwa ndi kompyuta ya mumzinda, makina oganiza amene amadziwa njira ya mwezi zaka zana zikubwerazi. Anati kumaiko ena makinawa ayamba kale kuyendetsa masitima ndi mafakitale, ndipo tsiku lina adzayendetsa zonse chifukwa salakwa ndipo satopa.

“Makina akowo ali ndi maso?” anafunsa amalume.

“Safuna maso, ababa. Amawerengera.”

“Nanga amasala? Amamva ludzu dzuwa likafika paliwombo?”

Anthu anaseka. Koma mu komiti ya mzikiti munalinso tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu, ndipo iyeyo sanaseke. Anangoti, “Ichi ndi chitukuko. Ngati alipo wokana chitukuko aimirire timudziwe.” Aliyense amene anakhalako masiku a chipani chimodzi akudziwa kulemera kwa mawu amenewa. Palibe amene anaimirira. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, anatero akuluakulu pomwetulira, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kalendalayo inati Ramadhani chaka chimenecho ikwana masiku makumi atatu. Choncho madzulo a tsiku la 29 palibe amene anadzivuta kupita kuchulu. Amayi sanaviike mpunga, ana sanachapiridwe zovala. Ine ndinapalasa njinga kuchokera ku Nselema monga mwa chizolowezi, ndipo pachulupo tinaima awiri okha. Mvula inali itatha, kumwamba kuli mbee, fumbi kulibe. Dzuwa litangolowa ndinamva manja okhakhala aja akundigwira mutu.

“Apo. Pamwamba pa nthambi youmayo.”

Ndinauona. Unali woonda ngati chikhadabo chowenga, koma unali mwezi, nyanga zake zitaloza kumwamba. Unakhalapo kanthawi kochepa n'kumira kuseri kwa phiri. Amalume ananong'ona pemphero, kenaka anatsika pachulupo mothamanga, mkulu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu.

Mumzikiti anthu anali atangomaliza swala ya magharibi, pemphero la dzuwa litalowa. Amalume anaima pakhomo nanena mwa Chiyao, “Mwesi uwoneche!” Mwezi waoneka. Zaka zonsezo mawu amenewa ankadzutsa mudzi, koma tsiku ilo anthu anatembenuza mitu kuyang'ana kalendala pakhoma.

Swaibu anayankhula mofatsa. “Ababa, kompyuta ikuti lero sungaoneke. Mwina kanali kamtambo.”

“Iwe Swaibu, ine ndinayamba kuona mwezi amako asanathe msinkhu. Kamtambo kali ndi nyanga?”

Shehe Usumani, mtsogoleri wa mzikiti wathu, anali munthu wachilungamo. Anakweza dzanja kuti phokoso lithe. “Lamulo silinasinthe. Mboni imodzi tayimva. Yachiwiri ili kuti? Che Sadiki, munali nawo. Mwauona?”

Mzikiti wonse unandiyang'ana, tcheyamani nayenso. Ndimafuna nditanena kuti ndinaopa ndende, koma palibe amene akanandimanga chifukwa cha mwezi. Inde, ndinaganizako za nsalu za chipani zimene amayi ankadzasoketsa pakhonde panga. Koma choona chenicheni n'chochititsa manyazi kuposa pamenepo. Nditayang'ana manambala osindikizidwa bwinobwino aja, ndinayamba kukayikira maso anga. Ndine yani ine, wa Sitandade 5, kuti nditsutse chinthu chosalakwa?

“Ndinaona kanthu,” ndinatero, “koma sindingalumbire.”

Shehe anaweramitsa mutu. “Basi. Mawa tisala.”

Amalume sanandikalipire. Munthu amene ankatukwana mbuzi ikangomudyera nsungwi anangotsogola panjira, ine pambuyo. Pofika pakhomo anauza akazi awo, a Lukiya, kuti m'mawa awaphikire tiyi. Woona mwezi ndi maso ake saloledwa kusala, ngakhale mudzi wonse umukane.

Masiku ano ndimamva pawailesi anthu ophunzira akudandaula kuti makina oganiza adzalanda ulamuliro wa anthu. Amakamba ngati makinawo adzabwera ndi mfuti. Zimandikwiyitsa. Kwathu sanabwere n'komwe, anangotumiza pepala limodzi, ndipo anapeza anthu amene anali ataphunzitsidwa kale kwa zaka makumi awiri ndi zisanu kuti chochokera kumwamba sutsutsana nacho. Sanatilande kanthu ayi, tinapereka tokha ndi manja awiri. Ine ndinali woyamba pamzere.

M'mawa mwake dzuwa litakwera, amalume anasamba, navala mkanjo wawo woyera wa pa Idi, nakhala pamkeka pansi pa mango. Mudzi unali zii ngati tsiku wamba la kusala, anthu akupita kokolola chimanga. A Lukiya anabweretsa tiyi m'kapu yachitsulo ndi chinangwa chophika, maso ali ku msewu kuopa odutsa. Ine ndinali kumanga katundu panjinga kuti ndithawe msanga.

“Sadiki, tabwera.”

Ndinapita, n'kukhala pansi.

“Pano palibe shehe, palibe tcheyamani. Tili awiri. Ndiuze, unauona?”

Sankafuna kundikola. Ndinawayang'ana kumaso ndipo ndinaona kuti akufunsadi, kuti usiku wonse funso limeneli lawadya. Ndikanangoti inde. Koma kunena inde kunali kuvomera kuti dzulo ndinanama m'nyumba ya Mulungu, ndipo ndinasankha kudzitchinjiriza kachiwiri.

“Sindikudziwa, amalume.”

Anayang'ana tiyi uja nthawi yaitali, nthunzi ikutha. Kapu inali m'manja, inafika mpaka pafupi ndi mlomo. Kenaka anaiika pansi.

“Ndiye kuti ndakalamba,” anatero. “Lukiya, chotsa izi. Ndikusala.”

Anavula mkanjo, naupinda bwinobwino, natenga mpeni ndi nsungwi zawo. Anasala tsiku lonse la Idi, tsiku limene iwo okha m'mudzi monse ankalidziwa. Madzulo ake mwezi unatuluka wonenepa, uli pamwamba, wa masiku awiri woonekeratu ngakhale kwa wamaso ofooka. Anthu anaulozerana akusangalala. Ndinamva mayi wina akuti, “Taonani, ndendende mmene yanenera kalendala!” Nthungululu zinalira, ng'oma zinagunda, ndipo Swaibu anthu anamugwira chanza mpaka dzanja kuwawa.

Amalume anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo pachulu paja sanakwereponso. Maso awo anali akuthwabe mpaka tsiku lomwalira, ankalowetsa okha ulusi pasingano. Ine sindinawauze kuti mwezi uja ndinauonadi, chaka chilichonse ndinkati ndidzawauza chaka chamawa. Ramadhani ikafika pa tsiku la 29, dzuwa likamapendeka, ankatembenuza mpando wawo kuti msana uloze kumadzulo, n'kuitana akazi awo.

“Lukiya, tapita kumzikiti ukafunse. Pepala likuti chiyani?”