Chithunzi cha Achimwene Okha

Kakamera kanga kanali kolowa m'thumba la siketi, kogula pakaunjika ku Limbe, koma kwathu ku Bangwe kanandisandutsa munthu wofunika. Ndinkajambula akwaya, ana obatizidwa, ngakhale zidakwa. Ukangodina, chithunzi chinkaoneka pompo pakagalasi kakumbuyo.

Achimwene anga anakwatira mkazi wa ku Nsanje. Zaka zisanu zinatha popanda mwana, ndipo amayi anatopa kudikira. Anawapezera mtsikana wina kumudzi ku Thyolo, koma makolo ake anafuna kuona kaye nkhope ya mwamunayo. Tonse pakhomo tinkadziwa, kupatula alamu anga. Ine alamuwo sindinkawakonda. Sanandilakwire kanthu ayi. Ankangochapa zoyera kuposa ine, ndipo anthu ankanena.

Lamlungu lina titachoka ku tchalitchi, amayi anandiitana. "Tenga kamera yako uwajambule achimwene ako."

Alamu atamva, anasangalala ngati mwana. Anasita malaya a achimwene, n'kuwapukutira nsapato, iwo n'kuvala diresi yawo ya pa Khirisimasi. Kenako anakaima pambali pa mwamuna wawo, dzanja lili paphewa, mano ali mbee. Amayi ananditsinzinira diso. Ndinapendeketsa kamera pang'ono, n'kudina.

"Tione nawo, alamu," anatero akundiyandikira.

Ndikanatha kunama kuti mabatire atha. Sindinaname, ndinawapatsa. Pagalasipo panali achimwene okha, ndi dzanja lopanda mwini paphewa pawo.

"Nanga ine ndili pati?"

"Kakamera n'kakang'ono, alamu, anthu awiri sakwanamo," ndinayankha. Aneba amene anabwera kudzaonerera anafa nacho chiseko, chifukwa dzulo lake ndinali nditajambula kwaya yonse pakamodzi.

Amayi anasuzumira pagalasi. "Dzanjalo lichoke. Kumene chikupita chithunzichi akafunsa kuti ndi la ndani. Komanso khomali ndi lakuda. Apongozi, tagwirani chitenje kumbuyoko, mukhaleko ndi ntchito."

Alamu anayang'ana achimwene. Achimwene anayang'ana nsapato zawo. Apo m'pamene alamu anamvetsa kuti banja lawo latha, ndipo ndinaona kumwetulira kukuwachoka pang'onopang'ono. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chitenje chawo chatsopano. Anaima kumbuyo kwa mwamuna wawo, n'kuchitambasula m'mwamba.

"Kwezani, mutu ukuoneka!" ndinakuwa.

Anakweza.

"Mapazi akuoneka! Mufuna kuti tiswere pano?"

Mapaziwo sankalowa n'komwe m'chithunzi. Ndinangofuna kuti anthu asekenso, ndipo anasekadi. Ndinachedwa dala, mwina kupukuta galasi, mwina kuwauza achimwene kuti akweze chibwano, mwina kudikira kuti dzuwa lisunthe. Lero ndikakumbukira ndimachita manyazi mpaka kutuluka thukuta, koma tsiku limenelo mtima wanga unali kuyera. Ndinajambula kasanu, amayi n'kusankha chachitatu.

"Basi, tamaliza," ndinatero.

Achimwene anamasula batani lapakhosi n'kuchokapo mofulumira. Aneba anabalalika. Koma chitenje sichinatsike. Chinakhala chomwecho m'mwamba, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka munthu akukoka mamina mwakachetechete.

Ndinayang'ana amayi.

"Asiye," anatero. "Akatopa atsitsa."

Tinalowa m'nyumba kukadya mpunga umene alamuwo anaphika.