Ndinabwereka Chiwongo cha Akomandante

Inu owerenga, ine ndine msilikali amene ndinataya mkazi ndi udindo pa tsiku limodzi, ndipo palibe amene anandilanda. Ndinazitaya ndi pakamwa panga pomwe.

Ku kwartelo yathu, kampu ya asilikali kuno ku Tete, aliyense ankadziwa kuti mizere ya udindo wa usarjento siyendera thukuta. Akomandante athu anali Mngoni wa ku Angonia, chiwongo chawo Ngozo, ndipo okwezedwa onse anali a m'kagulu kamene Loweruka kankawotcha mbuzi kunyumba kwawo ku Chingodzi. Ine ndinabadwira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndinakulira ku Matema konkuno ku Tete, ndipo kwathu ndife a Banda. Ndinakhala kabo, udindo wotsika kwa sarjento, mpaka anyamata amene ndinawaphunzitsa kumanga zingwe za nsapato anayamba kundilamula. Zinkandiwawa kwambiri.

Tsiku lina ndinagula mbuzi yonenepa n'kupita nayo ku Chingodzi. Angoni pothokoza amatchula chiwongo, choncho akomandante anafunsa kuti andithokoze kuti ndani. Ine, osaphethira n'komwe, ndinati Ngozo. Anadzuka pampando n'kundikumbatira, nauza gulu lonse kuti mphwawo wotayika wapezeka. Kuyambira pamenepo ndinkadya chiwindi, enawo akulimbana ndi ziboda.

Nthawi yomweyo ndinali kufunsira Filomena, mtsikana wogulitsa mbatata ya kachewere pa msika wa ku Matema. Ndinamugula mbatata yambiri moti anzanga ankati ndayamba kukazinga tchipisi. Anali atandilola kale, kungotsala kukaonekera kwa akuluakulu. Chiwongo chake sindinamufunse, poti munthu ukakonda sufunsa zambiri.

Loweruka lina tikudya mbuzi kwa akomandante, ndinangoona Filomena akutuluka m'nyumbamo ndi beseni la madzi osamba m'manja. Akomandante anandikodola nati, "Mphwanga, uyu ndi mwana wa malemu mng'ono wanga, ndiye kuti ndi mwana wakonso. Anyamata a ku kwartelo akamamuzungulira, uziwathyola miyendo."

Filomena anagwada patsogolo panga, nati, "Sambani, bambo aang'ono." Ndinasamba.

M'mawa mwake ndinathamangira kumsika. Iye anandiuza mosapsatira kuti ndisankhe: ndikaulule kuti ndine Banda, kapena ndikhale bambo ake mpaka kalekale, chifukwa a chiwongo chimodzi sakwatirana. Apa ndiye pamene ndinapusa kwenikweni. Ndinamupempha kuti adikire kaye mizere ituluke. Iye anangondiwonjezera mbatata ya basela nati ndi ya bambo.

Mvula isanagwe, Zakariya, Mnyungwe wa ku Chimadzi, kabo mnzanga amene sanalaweko ngakhale chiboda cha ku Chingodzi, anatumiza abale ake kukafunsira Filomena. Nkhoswe yowalandira akomandante anasankha ine. Ndinayesetsa kuipitsa nkhani, ndinati mnyamatayo amaliza mkonono ngati jenereta, koma akomandante anati msilikali aliyense amatero.

Pa ukwati anandipatsa chishango kuti ndivine ngoma ngati Mngoni weniweni. Ndinapondaponda fumbi dzuwa la Tete likundiphika, misozi ili chuchuchu, amayi n'kumalulutira kuti onani chikondi cha bambo kwa mwana wake. Anthu atakhuta, akomandante anaimirira n'kulengeza kuti Zakariya tsopano ndi sarjento, chifukwa mwana wa a Ngozo sangadyetsedwe ndi kabo. Pokhala pansi anandisisita paphewa, pomwe pankayenera kukhala mizere paja, n'kundinong'oneza kuti, "Iwe ndi wa pakhomo, mphwanga. Mwini nyumba amadya mlendo akakhuta."

Inu owerenga, kukondera kulipo ndithu ndipo kumapweteka, koma musasinthanitse dzina la atate anu ndi chiwindi cha mbuzi. Bodza lolowera m'kagulu lili ndi khomo lolowera lokha. Ine ndikadali kabo. Ku kwartelo Zakariya ndimamuchitira sawatcha, ndipo ndikapita kwake ana a Filomena amandithamangira akukuwa kuti agogo abwera.