Chitseko cha Chiphaliwali

Chiphaliwali anakulira pamoto wowotcherera zitsulo. Shedi yamalata kuseri kwa depoti anamusiyira ndi bambo ake, pamodzi ndi makina olira ngati njuchi. Zitseko zimene ankapanga ankazinyadira kuposa ana ake. "Wakuba akafika pachitseko changa amapepesa n'kubwerera," ankatero.

Ndiye kunabwera chipani cha Belu, chija chikufalikira ngati chimfine, cha mtsogoleri wogwetsa misozi pansanja akamatchula amphawi, pomwe nsapato zake sizidziwa fumbi. Akuti pachisankho chikubwerachi palibe amene adzalowe m'boma osachigwadira. Chiphaliwali anangomva mtsogoleriyo akukuwa kuti, "Dziko ndi la amanja okhakhala!" Anayang'ana zikhatho zake, basi nzeru zinathawa.

Belu la nthambi ya chipanicho m'deralo anapanga ndi iyeyo, kuchokera ku limu la tayala la lole. Nsanja anawotcherera ndi iyeyo. Wapampando wa nthambi, mkulu wa mimba yotsogola amene sanagwirepo ngakhale sipanala, atadandaula kuti alibe pokumanira, Chiphaliwali anadziguguda pachifuwa. "Bwana, shedi yangayi ndi yanu!"

"Bambo a ana, mukusungitsa nyama kwa fisi," anatero mkazi wake.

"Khalani chete, mayi. Tikawina, mageti onse a boma ndidzawotcherera ndine."

"Pepani, sindimadziwa kuti ndinakwatiwa ndi nduna ya zamageti."

Kunabwera penti, kenako mipando, kenako chithunzi cha mtsogoleri chachikulu ngati mphasa. Wapampando anati katundu wa chipani amafuna chitseko cholimba. Apa ndiye Chiphaliwali anaonetsa luso lake lonse: chitsulo chochindikala, mahinjesi obisika m'kati, loko wosafikirika ndi sowo. Makiyi anakapereka kwa wapampando ndi manja awiri, achinyamata akuomba m'manja.

Posakhalitsa anamuuza kuti galayinda yake yodulira zitsulo ikusokoneza misonkhano, azigwirira panja. Munthu wamkulu ndi ndevu zake anavomera!

Tsiku lina m'mawa anapeza chitseko chokhoma, pamwamba atalembapo kuti Ofesi ya Nthambi, makina ake owotcherera ali m'kati.

"Achimwene, chipani chakula," anatero wapampando, akutokosa m'mano. "Alendo a kulikulu azikhala pakati pa dzimbiri? Dziperekeni, mbiri idzakukumbukirani."

"Mbiri ya amako! Shedi ya bambo anga iyi!"

Wapampando anakwera galimoto. Chiphaliwali anatola galayinda kuti adule chitsekocho, koma soketi yamagetsi inali m'kati momwemo. Telala woyandikana naye anakana kumubwereka magetsi, popeza anali pakalikiliki kusoka mayunifomu a Belu. Anayesa chitsulo chotsegulira matayala, chinapindika. Anamenya ndi nyundo mpaka thukuta kamukamu, chitseko chili chete, ngakhale kagwedegwede.

Mkazi wake anafika ali ndi chidebe pamutu, n'kuima kumuonerera.

"Musadzipweteke, anduna," anatero. "Chitsekochi mukuchidziwa. Ingopepesani, mubwerere."