Dayisi Yopezera Tsiku Langa

Ndinadandaula koyamba pa 2 Januwale chaka chino, m'mawa, pakamwa, tili pakhonde, alendo asanakwere minibasi yobwerera ku Blantyre. Ndinadandaula kachiwiri pa 9 Januwale, m'kalata ya masamba awiri yomwe kope lake lili mu fayilo yobiriwira. Kachitatu ndinatumiza uthenga pa foni, ndipo mwana wanga wamkazi anayankha ndi kachithunzi ka manja awiri ogundana, popanda mawu. Kachithunziko ndinakajambula ndi bolopeni m'buku langa, pakuti nako ndi yankho, ngakhale sindikudziwa chomwe kakunena. Lero tili mu Epulo, masamba a mtedza ayamba kuchita mawanga, ndipo nkhani yanga sinayankhidwebe.

Nkhaniyo ndi ya dayisi imodzi.

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki pa malire a Mwanza kufikira nditapuma, m'kaofesi kothandiza madalaivala a mathiraki kukonza mapepala a katundu. Dalaivala amatha kukhala masiku atatu akudikira chidindo chimodzi. Ena ankagona, ena ankachapa zovala, koma ambiri ankayala katoni pamthunzi wa thiraki n'kumasewera ludo. Tsiku lina mzere utayenda mwadzidzidzi, anthu anathamangira ku magalimoto awo, ndipo pamalo pomwe panaima thiraki ya ku Tete ndinatola dayisi yachikasu, yothethekako ngodya imodzi. Ndinaikulunga m'kapepala, n'kulembapo tsiku ndi malo, kuti mwini wake akabwera ndim'patse. Sanabwere. Umu ndi momwe zinayambira.

Madalaivala atazindikira kuti kalaliki wa pawindo lachiwiri amakonda tinthu timeneti, anayamba kundibweretsera dala. Ndinali ndi yofiira yooneka mkati ngati switi, yochokera ku Joni. Ndinali ndi yamtengo, yomwe mlonda wina anasema ndi mpeni n'kuboola madontho ndi msomali wamoto. Ndinali ndi ina ya mbali makumi awiri, yolembedwa manambala, imene mzungu wina woyenda ndi chikwama kumsana anandisiyira; masewera ake sindinawadziwe, ndipo sindidzawadziwa. Iliyonse inali ndi pepala lake: tsiku, wondipatsa, komwe yachokera. Zonse ndinkasunga m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi. Akulu a mpingo anabwerapo kamodzi kudzandifunsa ngati ndayamba juga. Ndinawawerengera mapepala limodzilimodzi mpaka mmodzi wa iwo anayamba kuwodzera, ndipo sanabwerenso ndi funsolo.

Onse pamodzi analipo makumi asanu ndi awiri kudza atatu. Asanu ndi anayi mwa iwo anali oyera, a madontho akuda, a ludo wamba, ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Mwa asanu ndi anayiwo, imodzi inali ya malemu mkazi wanga.

Tsiku lomwe ndinabadwa sindilidziwa. Amayi anga, kwathu kwa Kanduku, ankangonena kuti ndinabadwa anthu akukumba mtedza, chaka chomwe mbuzi zathu zinatha ndi matenda. Kusukulu anandilandira chifukwa dzanja langa linafika kukhutu podutsa pamutu. Pamene tinkalembetsa zitupa, kalaliki anandifunsa tsiku, ine n'kumuuza za mtedza ndi mbuzi. Iye anayang'ana mzere womwe unali kumbuyo kwanga n'kulemba 1 Januwale. Sindinakangane naye, pakuti mzere ndimaudziwa. Koma nditafika kunyumba mkazi wanga anaseka mpaka anakhala pansi, amvekere mtedza wa Januwale unakumbidwa m'munda wa yani.

Chaka chimenecho mtedza utauma, anatenga dayisi ya ludo yathu, yomwe tinkasewera awiri masana a Lamlungu, n'kundiuza kuti poti boma landipatsa tsiku labodza, iye andipezera lina. Anaiponya m'lichero. Inagwa pa zinayi. Choncho chaka chimenecho ndinabadwa pa 4 Meyi. Chaka chotsatira anaponyanso, ndinabadwa pa 2. Panali zaka zitatu zotsatizana zomwe inagwa pa sikisi, mpaka anandinena kuti ndaigwiritsa mankhwala kuti ndizichedwa kukalamba. Tsikulo likafika ankakazinga mtedza wamchere, n'kuphika tiyi wamkaka, tikhale pakhonde. Panalibe nyimbo, panalibe alendo. Ankangoti, "Mwakula, abambo," ine n'kuyankha kuti ndamva.

Atadwala, zaka zinayi zapitazo, anaitanitsa dayisiyo, n'kuikulunga yekha m'pepala la m'kope, n'kulembapo ndi pensulo: "Ya tsiku la abambo." Ndi pepala lokhalo m'chitinimo lomwe silinali la dzanja langa. Chimwalirireni iye, ndakhala ndikuponya ndekha m'lichero lomwelo. Mtedza ndimakazinga ndekha, ndipo nthawi zonse umapserera mbali imodzi. Ana anga za mwambowu sankazidziwa bwino. Anali atachoka kale pakhomo pamene unayamba, ndipo ine sindinaone chifukwa chowauzira.

Kumapeto kwa chaka chatha mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, yemwe amagwira ntchito ku Blantyre, anawerenga zaka pa chitupa changa n'kupeza kuti pa 1 Januwale ndikwanitsa makumi asanu ndi atatu. Ndinamuuza kuti tsikulo ndi la kalaliki, si langa. Anati zilibe kanthu, chofunika ndi kuthokoza Mulungu anthu ali pamodzi. Anabwera ndi tenti, keke ya nsanjika ziwiri, ndi malaya osindikizidwa nkhope yanga, yomwe anaitenga pa chithunzi cha pa maliro a mlamu wanga. Mipando anabwereka kutchalitchi.

M'mawa wa tsikulo ananditumiza ku boma kukameta. Zomwe zinachitika ndili kumeneko ndinazisonkhanitsa pambuyo pake, kwa anthu atatu osiyana, ndipo zikugwirizana. Apongozi anga, mkazi wa mwana wanga wamwamuna, ankasesa kuchipinda kwanga ndipo anatulutsa chitini pansi pa bedi. Ataona tinthu tokulungakulunga anayesa ndi maswiti, n'kupita nacho kwa mwana wanga wamkazi, yemwe ankalongedza timatumba ta ana a alendo ndipo maswiti anali atam'perewera. Atamasula kamodzi anapeza dayisi. Anagwirizana kuti ndi zidole zomwe agogo amasungira zidzukulu, ndipo lero ndiye tsiku lake. Anamasula onse, n'kuponya imodzi m'kathumba kalikonse. Kunja kunali kutagwa mvula usiku wonse, makala anali onyowa, mbaula zinkakana kuyaka. Mapepala makumi asanu ndi awiri kudza atatu, ouma bwino, anagwira ntchito yoyatsira moto wa mpunga.

Ndinazindikira nditakhala kale pampando wa kutsogolo, atandiveka chipewa chosongoka chapepala. Ana awiri ankaponyerana kanthu kofiira m'matope kuseri kwa tenti. Ndinakazindikira nthawi yomweyo. Ndinakhalabe pampando. Abusa anali pambali panga, anthu a kwa Nthache anali atayenda mtunda pa njinga, ndipo munthu wamkulu sakuwa pa phwando lake. Anaimba nyimbo yachizungu, anandiuza kuti ndizime makandulo, ndinazima. Anandidyetsa keke ndi foloko ngati mwana, mafoni onse ali m'mwamba. Pa zithunzi zonse ndikuoneka ngati ndikupemphera, koma ndinkayang'ana pansi, kufunafuna zoyera m'matope.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa kuti anthu amakondwerera chiyani pa tsiku lobadwa. Wobadwayo sanachitepo kanthu. Amene anavutika anali amayi anga, pa mphasa, m'nyumba yofolera udzu, mtedza ukuwadikira kumunda. Ndipo pa tenti ija palibe anatchula za iwo, pakuti palibe ankawadziwa. Kale tinkasonkhana munthu akakwatira, akamanga nyumba, akamwalira. Panali chinthu chomwe chachitika. Apa chomwe chachitika n'choti chaka china chachoka. Ndinaganizapo kuti mwina ana amachita zimenezi chifukwa cha mantha, kuti amafuna kuona makolo awo atavala bwino, anthu atasonkhana, tenti itamangidwa, mwini wake akadali wokhoza kutsegula maso. Mipando inali yomweyo ya pa maliro a mkazi wanga. Ndinaizindikira ndi penti yobiriwira ya kumiyendo.

Koma ndikanena kuti tsiku lobadwa ndi lachabe ndikhala wabodza, pakuti langa la m'lichero ndinkaliyembekezera kuyambira mtedza ukamachita maluwa. Kusiyana kwake ndakusinkhasinkha kwambiri. Ndikuona ngati n'koti mkazi wanga ankadziwa kuti tsikulo silidziwika, ndipo ankalifunafuna chaka chilichonse chifukwa cha ine. Panali munthu mmodzi padziko yemwe ankaona kuti kubadwa kwanga n'koyenera kukupezera tsiku. Enawa anawerenga pa chitupa.

Sabata yoyamba ya Januwale ndinayenda khomo ndi khomo ndi chitini m'manja, munthu wa imvi kupempha ana kuti abweze zomwe anapatsidwa. Makolo ena anachita manyazi n'kukwapula ana osalakwa. Chimenecho chimandiwawa mpaka lero. Ena anandiseka ndisanafike n'kumsewu komwe. Yofiira ndinaipeza, yamtengo ndinaipeza itatafunidwa, ya mbali makumi awiri inapita ku Blantyre ndipo akuti inagwera m'ngalande. Onse obwerera ndi makumi anayi kudza asanu ndi atatu. Mwa oyera asanu ndi anayi aja, abwerera asanu ndi imodzi.

Ndinawayala patebulo masana, pa nsalu yoyera, ndi magalasi anga. Ndinatsegula buku lomwe ndinkalembamo iliyonse polowa m'chitini. Pa mizere isanu ndi inayi palembedwa chinthu chimodzi: yoyera, ya ludo, madontho akuda. Ndinawagwira imodziimodzi, ndinawanunkhiza, ndinawaponya m'lichero kuti mwina ndimva kulira kwake. Onse amalira mofanana. Zaka zoposa khumi ndinaona dayisiyo ikugubuduka kuchoka m'dzanja la mkazi wanga, koma ndinkayang'ana dzanjalo ndi nambala. Iyo sindinaiyang'anitsitse, chifukwa inali ndi pepala. Moyo wanga wonse ndakhulupirira kuti chinthu chikalembedwa ndiye kuti chasungika. Pamenepa wolakwa ndine, ndipo ndalemba choncho mu fayilo.

Apongozi anabwera mu Febuluwale ndi nkhuku ndi paketi ya madayisi atsopano. Anagwada pakhomo, osafuna kulowa. Ndinawafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati anaona pepala lolembedwa ndi pensulo.

"Ndinaliona, ababa," anatero. "Ndinadabwa kuti dzanja lake ndi lina. Koma alamu ankati tifulumire, alendo afika."

Ndinawafunsa kuti dayisi yake inalowa m'kathumba ka mwana uti. Analira. Nkhuku ndinalandira, pakuti kukana kukanakhala kuwatemberera. Paketi ili pawindo, sindinaitsegule.

Mwana wanga wamkazi ndinamupeza pa foni sabata yomweyo. Ndinamufotokozera za lichero, za mtedza, za pensulo, zonse zomwe ndikanamuuza kalekale. Kumbuyo kwake ndinkamva magalimoto. Kenako anati:

"Ababa, dayisi ndi dayisi. Amayi sali mu pulasitiki. Tinakuchitirani zabwino, inu mukuona chitini chokha."

Mawu amenewa ndinawalemba momwe anawanenera. Ndawawerenga kambiri, ndipo sindikupeza bodza m'menemo. Mayi ake sali mu pulasitiki. Sali m'nyumba muno, sali m'lichero, zovala zawo zinagawidwa kwa abale monga mwa mwambo, ndipo pepala lomaliza la dzanja lawo linaphikira mpunga. Ndikudziwa kuti ngakhale atatu otsalawo atabwera, sindidzatha kuloza kuti ndi iyi. Koma onse asanu ndi anayi atakhala m'chitini, ndikhoza kutseka chivundikiro ndikudziwa kuti ilimo. Panopa sindikudziwa ngati ili patebulo panga kapena m'ngalande ya ku Ndirande. Mtedza wa eni minda ukumbidwa masabata awiri akudzawa, ndipo sindinadziwe chomwe ndidzaponye m'lichero. Ndikaponya yolakwika, tsikulo lidzakhala la kalaliki winanso.

Pa tsiku la phwando anajambula chilichonse: keke, tenti, mzere wa ana akulandira timatumba, mwana aliyense nkhope yake. Zithunzizo zili mu foni ya mwana wanga. Ine ndinazionako kamodzi, mothamanga, chala chake chikuzikankha.

Chotero, ine mwini chitini, ndikupempha mwaulemu, kachinayi, kuti mwana wanga woyamba kubadwa akhale pansi ndi zithunzizo, alembe ana onse omwe analandira timatumba ndi makomo awo, kuphatikizapo omwe anachokera ku Blantyre ndi kwa Nthache. Kuti afunse makolo awo za madayisi atatu oyera a madontho akuda. Ndipo kuti andiyankhe m'kalata, ndi mawu, ngakhale yankho litakhala loti anatayika. Ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe mwezi wa Epulo usanathe.