Bambo a Moni Wautali

M'miyezi yozizira Limbe inkanunkhira fodya wouma, utsi wa maminibasi ndi chinangwa chokazinga. Mpaka lero ndikamva fungo la fodya wa m'mabelo ndimabwerera ku chaka chimene ndinali mu Sitandade 2, ndikutsika minibasi ya ku Bangwe nditagwira chala cha bambo.

Loweruka lililonse nyengo imeneyo bambo ankanditenga popita ku tauni. Matipate anali atangobwera, ndipo mavenda anali atadzaza m'makhonde ndi kaunjika, makaseti ndi mapatapata. Limbe si tauni yaikulu, munthu wachangu atha kuizungulira chiperoni chisanamunyowetse. Koma bambo ankatha maola atatu, chifukwa cha moni. Ankaima kwa wokonza mawotchi, kwa mlonda wa sitolo ya Mmwenye, ngakhale kwa munthu amene amuona koyamba, n'kumafunsa za ana, za mwendo wotupa, za mvula ya kumudzi. Akakumana ndi mnzawo wa ku Nsanje, Chisena chinkayambika, ine n'kudziwiratu kuti chipisi tidya chozizira. Kunena zoona zinkanditopetsa kwambiri.

Amene ankatichedwetsa koposa anali a Saidi, telala wa pakhonde amene ankasoka zovala zathu zonse. Bambo ankagula nsalu imodzi, a Saidi n'kudulapo malaya a bambo, bulauzi ya amayi ndi madiresi athu. Tikatuluka tonse tinkaoneka ngati kwaya. Chaka chimenecho nsalu yake inali yobiriwira, ya nsomba zachikasu, ndipo ndinkachita nayo manyazi.

Loweruka lina, bambo ali mkati mofunsa za mwendo wa mlonda uja, ndinasiya chala chawo n'kutsatira mkulu wina woimba gitala ya chigubu. Nyimbo itatha ndinacheuka, bambo kulibe. Chifunga chinali chitatsika, masitolo onse akufanana. Ndinayenda mpaka kufupi ndi msika, ndikukumbukira nkhani za amayi za anthu oba ana. Za kwathu ndinkangodziwa kuti ndi kuseri kwa tchalitchi.

Mayi wina wogulitsa nthochi anandiona ndikulira. Sanandifunse dzina. Anangoyang'anitsitsa diresi langa.

"Nsomba izi ndaziona m'mawa uno pa munthu wamkulu," anatero. "Iwe ndiwe mwana wa bambo aja a moni wautali."

Anasiyira mnzake lichero lake n'kundiperekeza kwa wokonza mawotchi. Iwonso anatseka kabokosi kawo kagalasi n'kundifikitsa kwa a Saidi. A Saidi anapinda m'mphepete mwa diresi langa, n'kunena kuti msoko wawo sangausokoneze ngakhale atatsinzina. Anandikhazika pa thumba la zigamba, anandifunditsa jekete la munthu limene linali lisanaikidwe mkono umodzi, n'kuuza venda woyandikana nawo kuti mwana wapezeka. Ndinamva uthengawo ukudutsa khonde ndi khonde mpaka unazimirira kumunsi kwa msewu.

Bambo anafika opanda chipewa, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho. Ndinkayembekezera khofi. Iwo anangondigwira mutu ndi manja awiri. Kenako anandibweza njira yonse ija kukathokoza aliyense, kuyambira wa mawotchi mpaka mayi wa nthochi. Tsiku limenelo moni unatenga maola anayi, ine osadandaula ngakhale pang'ono. Chipisi tinadya chozizira, koma chinkakoma.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kuikonda Limbe. Ndinkakonda kulira kwa makina a a Saidi, wailesi zopikisana m'makhonde, ndi anthu amene tsopano ankandiitana kuti mwana wa nsomba. Kusukulu ndinkauza anzanga kuti bambo anga ndi bwana wamkulu, tauni yonse imawadziwa.

Nditakula ndinazindikira kuti anali mesenjala chabe, wonyamula makalata pa njinga ya ofesi. Tauniyo ndi imene inali yaing'ono mokwanira kuti moni wa munthu usaiwalike, ndipo iwo anaufesa pakhonde lililonse osadziwa kuti udzawabwezera mwana. Masiku ano ndikapita ku Limbe ndi mwana wanga wamkazi, amandikoka dzanja kuti tizipita. Ndimamugwira chala, n'kupitiriza kufunsa za mwendo.